Tiyambe ndi kuphunzitsa aphunzitsi za AI tisanathamangire kugwira ophunzira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yalowa kale m'sukulu zathu zaukachenjede koma siikukambidwa mokwanira pagulu, ndiyo kagwiritsidwe ntchito ka luntha lochita kupanga, lomwe ambiri akungolitchula kuti AI. Kuyambira pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT mu Novembala 2022, wophunzira aliyense amene ali ndi foni yamakono ndi bandulo ya intaneti angathe kuuza makinawa kuti amulembere nkhani ya masamba asanu m'Chingerezi chosalala, ndipo nkhaniyo imatuluka m'kanthawi kochepa. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inafalitsa makina ake a Meta AI a mu WhatsApp kumayiko ena, ndipo dziko la Malawi linali m'gulu la mayiko oyamba kuwalandira kunja kwa America. Choncho wophunzira wa ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni safunikanso kupita kutali, chifukwa makinawa ali m'thumba mwake, pamalo omwewo pamene amalandirira mauthenga a kalasi. Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse, koma ife tchire layamba kale kupsa tisanapangane.

Maganizo anga ndi akuti njira imene ambiri amayamba kuiganizira, yoletsa makinawa ndi kugula mapulogalamu ogwira akuba, ndi imene ingativulaze kwambiri, ndipo ntchito yeniyeni iyenera kuyambira pa aphunzitsi.

Mapulogalamu omwe amati amazindikira nkhani yolembedwa ndi makina si odalirika. Kampani ya OpenAI yomweyo inapanga pulogalamu yotere kumayambiriro kwa 2023, koma pofika mu Julaye chaka chomwecho inaichotsa chifukwa inkalakwitsa kawirikawiri. Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu angapo otere chaka chomwecho ndipo anapeza kuti nkhani zoposa theka zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho zinkaweruzidwa kuti n'zamakina, pomwe nkhani za ana a sukulu a ku America zinkadutsa pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamuwa amakayikira munthu wolemba ndi mawu odziwika komanso ziganizo zosavuta. Nanga mwana wathu amene anaphunzira pa sekondale yoyendera ya kumudzi, yemwe anaphunzitsidwa kulemba chimangirizo cha MSCE mosamala, ndi mawu amene akuwadziwa bwino, osadumpha malire, si ndiye amalemba chonchi? Ndiye kuti mlandu udzagwera wosalakwa amene wakhala usiku wonse akulemba yekha, pomwe mnzake wochenjera, amene wauza makina kuti asinthe mawu apa ndi apo, adzadutsa akumwetulira. Yunivesite ya Vanderbilt ku America inazimitsa gawo lozindikira AI la Turnitin, pulogalamu yofufuza zolemba zokopera, mu Ogasiti 2023 pa zifukwa zonga zimenezi. Sukulu zathu, zomwe ndalama zakunja n'zosowa, zisawononge kangachepe komwe zili nako pogula chida chimene eni ake akuchikayikira.

Komabe vuto lilipo ndithu, ndipo ndi lalikulu kuposa kubera mayeso. Makinawa sadziwa zinthu monga momwe munthu amadziwira. Anaphunzitsidwa ndi milu ya zolemba za pa intaneti kuti azilosera mawu omwe angatsatire mawu anzake, ndipo akasowa yankho sachita manyazi kulipeka. Amapeka dzina la buku, dzina la wolemba, chaka, ngakhale nambala ya tsamba, zonsezo m'mawu a munthu wotsimikiza. Mu 2023 bwalo la milandu ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 chifukwa chopereka milandu yakale yopekedwa ndi ChatGPT pa mlandu wa munthu wina dzina lake Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca. Kumayambiriro kwa 2025 bwalo lalikulu la ku Pietermaritzburg ku South Africa linakumana ndi zofanana nazo, pamene milandu yambiri imene maloya anaitchula inapezeka kuti kulibe. Kwa ife kuno chiopsezo n'chachikulu kwambiri, popeza zambiri zokhudza dziko lino sizinalowe pa intaneti. Zili m'mafayilo a maofesi a boma, m'malipoti a alangizi a zaulimi, m'mabuku akale a mishoni ndiponso m'mitu ya agogo athu. Makina amene anawerenga zochuluka za ku America ndi ku Britain koma zochepa za Malawi, akafunsidwa za malamulo a malo a mafumu kapena za kabzalidwe ka chimanga ku Chikwawa, amayankha ndi zimene zimachitika kwina, n'kuziveka dzina la kwathu. Pa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zathu zina amapunthwa kwambiri.

Wophunzira wa chaka choyamba sangazindikire zimenezi payekha. Womuthandiza ndi mphunzitsi, ndipo apa ndi pamene pali mpata waukulu. Aphunzitsi ambiri anamaliza maphunziro awo makinawa asanabwere. Ena amawaopa ndipo safuna n'kuwakhudza komwe, pamene ena amawagwiritsa ntchito mwakachetechete pokonza zolemba za m'kalasi ndi mafunso a mayeso, kwinaku akuopseza ophunzira kuti aliyense wopezeka nawo alephera. Onse awiriwa sangatsogolere mwana. Maphunziro omwe aphunzitsi akufunika si msonkhano wa masiku awiri ku hotela ya kunyanja, wolandirirako alawansi ndi satifiketi. Akhale ochitikira m'dipatimenti momwemo, mobwerezabwereza, aphunzitsi a phunziro limodzi atakhala pamodzi ndi kompyuta, n'kuwapatsa makinawa mafunso enieni omwe anapereka kwa ophunzira chaka chatha, kenaka n'kuchonga mayankhowo monga amachongera a ana. Mphunzitsi amene waona ndi maso ake kuti funso lake lakale makina akuliyankha mokwanira kukhoza, sangafunikenso kuuzidwa kuti asinthe kafunsidwe.

Ndipereke chitsanzo cha ntchito imene mphunzitsi wa mbiri yakale ku Zomba angapereke popanda kugula kalikonse. Auze ophunzira kuti aliyense afunse makina za kuukira kwa John Chilembwe kwa mu Januwale 1915, ndipo awalamule kuti atchule mabuku omwe atengamo mfundozo. Wophunzira asindikize yankholo monga momwe latulukira, atenge cholembera, apite ku laibulale pa gawo la mabuku a za Malawi, kapena ku National Archives komwe kuli mumzinda womwewo, n'kuyamba kutsimikiza chiganizo chilichonse. Pamene makina anena zoona achonge n'kulemba tsamba la buku lomwe lavomereza. Pamene asokoneza maina a malo a ku Chiradzulu, kapena atchula buku limene silipezeka paliponse, azungulize n'kufotokoza momwe wadziwira. Malikisi apite pa kutsimikizako, osati pa nkhani ya makina. Wophunzira wotere atuluka akudziwa mbiri ya Chilembwe kuposa amene wangoloweza, komanso atuluka ataphunzira kukayikira mawu osalala, luso lomwe lidzamuthandize ngakhale atakakhala namwino, loya kapena injiniya. Ku Bunda angachite chimodzimodzi ndi malangizo a feteleza, powafananiza ndi zimene alangizi a m'deralo amanena komanso ndi zotsatira za kuyeza dothi la m'munda weniweni.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ayankha kuti makalasi ndi aakulu, ena a ophunzira mazanamazana, ndipo kufunsa aliyense pakamwa za nkhani yake n'kosatheka. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo akuluakulu a sukulu asalinyoze. Koma sikofunika kufunsa onse. Ngati ophunzira akudziwa kuti pa ntchito iliyonse ena asankhidwa mwa maere kuti afotokoze kwa mphindi zochepa zimene alemba, aliyense amayesetsa kumvetsa zimene wapereka. Ntchito zina zingalembedwe m'kalasi ndi dzanja, zina zingafune kuti wophunzira abweretse zimene wasonkhanitsa yekha kumsika, kuchipatala kapena kumudzi, zomwe makina alibe. Ndipo pa ntchito iliyonse mphunzitsi alembe poyera ngati AI ikuloledwa, pa gawo liti, ndiponso kuti wophunzira aulule momwe waigwiritsira ntchito. Lamulo loululali likhudzenso mphunzitsi.

Palinso nkhani ya chinsinsi imene ambiri sakuiganizira. Wophunzira wa udokotala kapena unamwino amene walemba mbiri ya wodwala, dzina lake, mudzi wake ndi zotsatira za magazi, n'kuziika m'makinawa kuti amukonzere lipoti, watumiza chinsinsi cha munthu ku makompyuta a kampani ya kunja. Chimodzimodzi wofufuza amene waika mawu a anthu omwe anawalonjeza kuti sawaulula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, ndipo makomiti ovomereza kafukufuku m'mayunivesite ayenera kuyamba kufunsa wofufuza aliyense ngati adzagwiritse ntchito AI ndi zimene adzaikemo.

Tisaiwalenso kuti ophunzira sakulowa m'bwaloli ali ofanana. Wina ali ndi laputopu komanso m'bale wa kunja womulipirira makina amphamvu a mwezi ndi mwezi, pomwe wina akudalira ngongole ya boma, akuchita lendi kachipinda kunja kwa sukulu, ndipo magetsi akazima foni yake imazimanso. Mphunzitsi asapereke ntchito yofuna AI yolipira, ndipo sukulu zionetsetse kuti intaneti ya pasukulu, imene bungwe la MAREN limathandiza kupereka, ikufikira ngakhale ophunzira ogona kunja kudzera m'laibulale yotsegula mpaka usiku.

Poyambira pali kale. Bungwe la UNESCO linatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka AI m'maphunziro ndi kafukufuku mu Seputembala 2023, ndipo bungwe la African Union linavomereza ndondomeko ya AI ya Africa yonse mu Julaye 2024. Pempho langa likupita ku bungwe la NCHE, lomwe limavomereza sukulu zaukachenjede za boma ndi zomwe si zaboma. Poyendera sukulu, lifunse zinthu zooneka ndi maso: malamulo olembedwa a AI omwe wophunzira aliyense wapatsidwa, umboni wakuti aphunzitsi a dipatimenti iliyonse aphunzitsidwa, komanso njira yoti wophunzira woimbidwa mlandu wogwiritsa ntchito makina amvedwe mbali yake ndi kuonetsa zolemba zake zoyamba asanapatsidwe chilango. Mabungwe a ophunzira ndi a aphunzitsi aitanidwe polemba malamulowo, ndipo aunikidwenso chaka ndi chaka chifukwa makinawa akusintha mofulumira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba