Za mwana wathu wa zisudzo uja

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Mwafunsa za mtsikana wathu amene wakakamira zisudzo, kuti ayambire pati ndipo ntchitoyi ingamudyetse kodi. Musamuletse. Koma mumuuze msanga kuti dzina la zisudzo ndi limodzi pomwe ntchito zake ndi zitatu: ya pa siteji, ya pa wailesi yakanema ndi ya filimu. Atsikana ambiri aluso amakanidwa chifukwa chopita ku ntchito ina atanyamula zizolowezi za inzake.

Ayambire pa siteji. Kumeneko sewero amaliyeserera masabata 4 mpaka 6 asanalionetse, ndiye munthu amakhala ndi nthawi yolakwitsa n'kukonza. Choyamba kuphunzira ndi kupuma. Aike dzanja pamchombo n'kukoka mpweya: mimba ituluke, mapewa asakwere. Mawu ochokera pamenepo amafika kwa wokhala mpando wakumbuyo popanda kukuwa. Wokuwa ndi kukhosi amasasa mawu, ndipo akapitiriza, timinofu totulutsa mawu timachita tizotupa tofuna dokotala. M'nyumba zazikulu za zisudzo ku London ndi ku New York sewero limaonetsedwa ka 8 pa sabata, choncho mphindi 15 kapena 20 zotenthetsa mawu ndi thupi asanakwere pa siteji n'zosadumphika. Mawu akasasa akhale chete, asamanong'one, chifukwa kunong'ona nakonso kumatopetsa kukhosi.

Poloweza, asamangoloweza mizere yake yokha. Ajambule pa foni mawu a anzake, n'kusiya mpata pomwe iye ayenera kuyankha. Ndipo aloweze mopanda kamvekedwe, ngati akuwerenga mndandanda wa mayina. Woloweza ndi nyimbo yake kale amalephera kusintha wotsogolera sewero akamuuza kuti ayankhule mwina, ndipo amasiya kumvetsera mnzake n'kumangodikira nthawi yake.

Akafika pa kamera, zambiri zitembenuka. Maikolofoni imakhala pamwamba pa mutu kapena yobisika m'chovala, ndiye ayankhule molingana ndi pamene mnzakeyo waima, osati ngati pali khamu. Kamera ikayandikira, nkhope yokha imadzaza chinsalu chonse, ndipo kutukula nsidze komwe pa siteji sikuoneka n'komwe apa kumakhala ngati kufuula. Kuphethira pafupipafupi ndi kugwedeza mutu kumamuonetsa wamantha. Aganize zomwe munthu amene akumusewerayo akuganiza, nkhope aisiye, kamera iona yokha.

Pansi amamata tepi posonyeza pomwe ayenera kuima. Akaphonya ndi kutalika kwa chikhatho chokha, nkhope imatuluka yosaoneka bwino kapena imalowa mumdima, ndipo onse amayambiranso. Kuyang'ana pansi n'koletsedwa, choncho poyeserera aime pa tepipo, abwerere m'mbuyo akuwerenga mapazi, ndipo chiwerengerocho achisunge.

Chomwe chimapweteka atsopano kwambiri ndi ichi. Gawo limodzi amalijambula kangapo: chapatali, chapakati, kenako pafupi. Ngati pojambula chapatali ananyamula kapu ndi dzanja lamanzere pa liwu lakutilakuti, achite chimodzimodzi ulendo uliwonse. Akasintha, wolumikiza zithunzi amasowa polumikiza, ndiye amangoonetsa nkhope ya mnzakeyo, mwana wathu n'kumangomveka mawu. Za misozi nazonso: gawo lolira akhoza kulibwereza ka 10 kapena kuposa. Afunse kuti ayamba ndi chithunzi chiti, asathe mphamvu zonse kamera ili kutali n'kudzauma itafika pankhope.

Filimu saijambula motsatira nkhani. Amajambula zonse za pamalo amodzi n'kusamuka, kotero akhoza kusewera kutha kwa banja Lolemba, kufunsiridwa Lachinayi. Pa gawo lililonse alembe zinthu zitatu pakapepala: ndikuchokera kuti, ndikudziwa chiyani pofika pano, ndikufuna chiyani kwa munthuyu. Tsamba limodzi la script, kapena kuti zolemba za sewerolo, limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndipo filimu nthawi zambiri imajambula masamba ochepa chabe patsiku la maola 12, nthawi yambiri n'kumangodikira magetsi akonzedwe. Masewero a pa wailesi yakanema oonetsedwa tsiku ndi tsiku ndi ena: amathamanga, amajambula kamodzi kapena kawiri n'kupitirira, ndipo mizere yatsopano imatha kubwera m'mawa womwewo. Kumeneko amasunga munthu wofika pa nthawi ataloweza.

Tsono ntchito amaipeza bwanji? Akhale ndi chithunzi cha nkhope chofanana ndi mmene alili lero, chopanda zodzola zambiri, komanso kakanema ka mphindi 2 kapena 3 ka ntchito zake, kabwino koposa kali koyambirira. Masiku ano audition yoyamba, yomwe ndi mayeso osankhira osewera, kawirikawiri amadzijambula yekha. Foni aigoneke chopingasa molingana ndi maso, kumbuyo kukhale khoma lopanda zithunzi, kuwala kuchokere kutsogolo osati kumsana, ndipo aoneke kuyambira pachifuwa. Womuwerengera mizere inayo aime pambali pa foni n'kumayankhula motsitsa, iye aziyang'ana munthuyo, osati diso la kamera. Adzakanidwa kambirimbiri, nthawi zina chifukwa cha msinkhu chabe kapena kusafanana ndi amene asankhidwa kukhala mayi ake m'nkhanimo. Zimenezo mumukonzekeretse inuyo.

Apa ndiye ndikupemphani muchite khama, achemwali. Ejenti, munthu womufunira ntchito, akakhala weniweni amadya pokhapokha mwana wathu atadya: amatenga 10 mpaka 20 peresenti ya malipiro ntchito ikapezeka. Wofuna ndalama zolembetsera asanamupezere kanthu ndi wakuba. Audition ya usiku m'chipinda chogona cha hotela asapiteko, ngakhale amulonjeze zotani. Mu kontirakiti muoneke malipiro, masiku ogwira ntchito, ndalama za maola owonjezera, mmene dzina lake lidzalembedwere, komanso kuti zojambulazo zidzaonetsedwa kuti ndipo kwa zaka zingati. Ngati pali gawo lovula kapena lachikondi, zilembedwe mwatchutchutchu asanasaine, ndipo pojambula pakhale anthu ofunikira okha. Kuyambira 2018 kampani ya wailesi yakanema ya ku America ya HBO imaika munthu wapadera woyang'anira magawo otere, ndipo ena ambiri anatengera. Aonenso ndime yokhudza kugwiritsa ntchito nkhope ndi mawu ake pa kompyuta. Nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zomwe zinachititsa ochita mafilimu ku America kunyanyala ntchito masiku 118 mu 2023. Ngati sanakwane zaka 18, osaina ndinu, ndipo wamkulu azipita naye.

Akayamba kuona kuchedwa, mumuuze za wosewera mafilimu wa ku Kenya, Lupita Nyong'o. Anthu amakumbukira mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar yomwe analandira mu 2014 ngati inangogwa. Iyeyu anakwera siteji ku Nairobi ali ndi zaka 14, kenako anagwira ntchito yothandizira kuseri kwa kamera pa mafilimu a anthu ena, anasewera pa wailesi yakanema mu 2009, n'kukaphunzira zisudzo ku yunivesite ya Yale ku America mpaka 2012. Mphotoyo anailandira ali ndi zaka 31, ndipo mu 2016 anali pa siteji ku Broadway, malo otchuka a zisudzo ku New York. Ntchito ya kuseri ija mwana wathu asainyoze ikapezeka. Wonyamula mapepala ndi kuitana osewera amaona tsiku lonse chifukwa chomwe gawo likubwerezedwera, n'kudziwana ndi anthu amene adzamuitane mawa.

Ndalama zake zimabwera modukizadukiza: miyezi 2 ya ntchito, miyezi ingapo ya zii. Pa malipiro alionse azipatula za msonkho ndi za miyezi yopanda kanthuyo, ndipo akhale ndi ntchito ina yomulola kuchoka audition ikabwera mwadzidzidzi.

Mumuuze adzijambule gawo limodzi la mphindi 2 monga ndafotokozeramu, mulitumize kuno ndilione, ndidzamulembera pomwe akonze. Mupereke moni kwa abambo akunyumba ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.