Za siketi yako ija ndi Khirisimasi

Mnzanga,

Uli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino tonse. Uthenga wako uja wandiseketsa mpaka misozi, eti siketi yayamba kale kukana zipi chonsecho Khirisimasi sinafike nkomwe kkkk. Ndiye akuti pulani yako ndi yokhala ndi njala tsiku lonse kuti ukadye momasuka ku pate madzulo? Iyayi iwe, imeneyo isiye. Ine ndinayesa chaka chatha, ndinafika m'mimba mukulira ndipo ndinamaliza mbale ziwiri ndisanapereke ngakhale moni wabwinobwino kwa eni nyumba, manyazi ake mpaka lero. Uzidyako kenakake usananyamuke, kaya dzira kaya chipatso, ndipo ukafika usathamange, mimba imatenga mphindi ngati 20 kuti iwuze mutu zoti yakhuta, ndiye ukamameza ngati akukulanda umadzazindikira utapyola kale.

Koma usade nkhawa kwambiri. Ku America anayezapo anthu 195 nyengo ya zikondwerero, zotsatira zake zinatuluka mu 2000, ndipo anapeza kuti kunenepa kwake sikunafike ndi theka la kilo lomwe, osati makilo atatu kapena asanu omwe timaopsezana aja. Chondiwawa ine ndi chakuti kathekako sikachoka, kamangokhala, Disembala wina kabweranso kena, ndiye patapita zaka khumi ukungodabwa kuti zovala zonse zafupika liti.

Ndipo tsiku la pa 25 lenilenilo palibe chimene limalakwa, idya usangalale. Chimatipweteka ndi masiku apakati aja mpaka Nyuwere, keke yotsala ili mufiriji ukungodula kachidutswa ukamadutsa, m'mawa kachidutswa masana kachidutswa, ukuti ndikungolawa. Ine masiku ano zotsala ndimagawira alendo akamatsanzika basi.

Nkhani yaikulu ili pa zakumwa. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha 330 ml chili ndi shuga magalamu 35, pomwe a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asamapyole magalamu ngati 50 patsiku, ndiye ukamwa ziwiri wadutsa kale usanakhudze keke. Mowa nawo usaunamizire kuti ndi madzi, galamu imodzi ya alikoholo ili ndi makalori 7 (makalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, yomwe ikachuluka imanenepetsa), mafuta ali ndi 9, shuga 4 yokha. Choipa chake zakumwa sizikhutitsa, umamwa nkudyanso chimodzimodzi, ukayamba kuledzerako ndiye dzanja silichoka m'mbale. Ine ndimati tambula ya chakumwa, kenako tambula ya madzi, anthu amandiseka koma zimandithandiza.

Sikelo usakwere pa 26, ungadzipweteke mtima ndi zinthu zopanda pake. Zambiri zimene imaonetsa tsiku limenelo ndi madzi omwe thupi lasunga chifukwa cha mchere ndi zakudya zomwe zidakali m'mimba, pakatha masiku angapo zimatsika zokha. Za jimu ndikukudziwa sungapite kkkk, bola uziyenda, mphindi 30 masiku asanu pa sabata zakwana mphindi 150 pa sabata zomwe a zaumoyo amalimbikitsa. Ukatha kudya utengane ndi ana mukazungulire panja, komanso uzigona mokwanira, ukachezera usiku m'mawa mwake njala ya zotsekemera imavuta zedi.

Siketiyo usapereke kwa telala kaye, udzayese pa 10 Januwale unditumizire chithunzi. Undiperekere moni kwa abambo akunyumba ndi ana, uwauze ndawasowa.

Ndine mnzako uja