Kalata kwa mnzanga wa ku Joni, za mlatho wa Dona Ana

Aise,

Zikuyenda bwanji kumeneko? Kuno ku Mangochi tilipo, dzuwa ndi lomwe lija ukulidziwa, usipa ukupezeka koma mtengo wake usafunse.

Nkhani unayambitsa pa gulupu ya WhatsApp ija, yoti mlatho wa Dona Ana ndi wa anthu a ku Mozambique ife sukutikhudza, ine sindinagwirizane nayo, kungoti pagulu paja anthu amangoseka zilizonse ndiye ndati bola ndikulembere pawekha.

Inde uli kwawo, pa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, koma amene ankaufuna kwambiri ndi Nyasaland. Njanji yathu yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, nthawi imeneyo nkuti akuti Port Herald, kenako anaitalikitsa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ya ku Beira nayo inabwera mu 1922 nkudzaima tsidya linalo. Ndiye tangoganiza, njanji uku njanji uko pakati madzi, fodya ndi tiyi ndi thonje zonse amatsitsa m'sitima nkukweza pa maboti, kuoloka, nkukwezanso m'sitima ina, chilimwe madzi akaphwera maboti kumatitimira mumchenga, dzinja mtsinje ukasefukira ndiye basi katundu kumangodikira pagombe. Mlathowo unatha mu 1935, inamanga ndi kampani ya ku England ya Cleveland Bridge, kutalika kwake makilomita 3.67, ndipo pa nthawiyo mu Africa munalibe mlatho wa njanji wotalika kuposa umenewo. Wathu wa Bakili Muluzi uja timaunyadira apa tikamapita ku Namwera sufika ndi theka la kilomita lomwe.

Chaka chomwecho cha 1935 njanji inafikanso ku Salima kudzera ku Chipoka, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu penipeni. Ilala ija ya ku Monkey Bay anaipanga ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa mpaka ku Beira, kuchoka apo pa njanji mpaka kunyanja kuno, nkuyamba kuyenda mu 1951. Zidutswazo zinaoloka Zambezi pati ngati si pa Dona Ana? Ndiye iwe unakwerapo Ilala kupita ku Likoma lero ukuti mlathowo sukukukhudza, aaa aise.

Sindikuti azungu aja anatimangira chifukwa chotikonda ayi. Ankafuna katundu wa m'maesiteti awo azifika kudoko msanga, ndipo ngongole za njanjizi zinalemera boma la Nyasaland zaka zambirimbiri, ndalama zoti zikanapita ku masukulu ndi zipatala kumathera kumeneko, misonkho yake nkumakhoma agogo athu omwewa. Ine mpamene ndimati chinthucho ndi chathu, unalipira ndiwe ngakhale sanakufunse.

Kufunika kwake tinakuona bwino utaonongeka. Pa nkhondo ya ku Mozambique a Renamo anauphulitsa mu 1986, njira ya ku Nacala nayo inali itatsekeka, katundu wathu nkumazungulira ku Durban pa mathiraki, mafuta ndi feteleza kukwera mtengo. Ndi nthawi yomwe ija anthu othawa nkhondo anadzadza ku Nsanje ndi maboma ena, anafika cha m'ma 1 miliyoni. Nkhondo itatha anaukonza mu 1995 nkuusandutsa wa magalimoto, kenako anautsekanso mu 2006 nkuubwezera njanji chifukwa cha malasha a ku Moatize. Mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Beira inafika ku Marka m'boma la Nsanje, itadutsa pa mlatho womwewu. Zitsulo za mu 1935 zikunyamulabe katundu, pomwe timilatho tina tamakono mvula imodzi basi tapita.

Chimene chimandiwawa ine ndi mbali yathu ino. Pa Chiromo madzi anakokolola njanji mu 1997 ndipo Bangula ndi Makhanga analekana kuyambira pomwepo, anthu nkumaoloka pa mabwato. Njanji ikangokhala osayendapo sitima amabwera ndi a zitsulo zakutha aja, lero bawuti mawa chidutswa cha njanji, zonse pa sikelo. Sindiwada kwenikweni, njala ndi njala, koma palibe anawauzapo kuti chitsulocho chili ndi mbiri. Ngakhale pano pa boma, nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ija, mfuti ya sitima ya Gwendolen, chikumbutso cha anthu 145 anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, zonse zili poyera pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi koma ambirife timangodutsa pa kabaza osaima nkuwerenga. Ana asukulu akapita ku museum amangojambulitsa zithunzi basi.

Ndiye ukamabwera mu Disembala usangogona m'basi pa Tete paja. Ukafika tikambirane, ine ndikufuna tidzatsike ku Nsanje, tikaone pa Chiromo, ngati mapepala ndi thumba zilola tikaolokere ku Mutarara. Za mafuta tigawana, usayambe zako zija zoti ma rand athera m'njira.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pa Mpondasi