Kalata yokamba za mtsikana amene anazungulira dziko lapansi pa kandege kakang'ono

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, tikudzuka bwino. Papita nthawi yaitali ndisanakulembereni, ndipo chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu kwa masabata angapo, ya mtsikana wina woyendetsa ndege dzina lake Zara Rutherford. Ndakumbukira inu chifukwa tili anyamata, ndege ikangomveka m'mwamba munkasiya chilichonse chimene munali kuchita n'kuimirira, dzanja lili pachipumi, mpaka ndegeyo itazimiririka, ndipo ndikudziwa kuti mtima umenewo sunakuchokeni ngakhale imvi zayamba kutulukira.

Mtsikanayu ndi nzika ya mayiko awiri, Belgium ndi Britain. Pa 18 Ogasiti 2021, ali ndi zaka 19, ananyamuka yekhayekha pabwalo la ndege la Kortrijk ku Belgium, ndipo anadzateranso pabwalo lomwelo pa 20 Januwale 2022, atatha masiku 155 ali pa ulendo komanso atayenda makilomita pafupifupi 52,000 m'makontinenti asanu. Motero anakhala mkazi wamng'ono kuposa onse amene anazungulirapo dziko lapansi pandege ali yekha. Mbiri imeneyi poyamba inali m'manja mwa Shaesta Waiz wa ku America, amene anachita zimenezi mu 2017 ali ndi zaka 30. Kuti ulendo wake uvomerezeke kuti wazunguliradi dziko, anadutsa malo awiri amene ali mbali zotsutsana ndendende za dziko lapansi, Tumaco ku Colombia ndi Jambi ku Indonesia.

Musaganize za ndege zikuluzikulu zija mumakwera inu mukamabwera kudzationa. Iye anauluka pa ndege ya mtundu umene amautcha ultralight, dzina lake Shark, yopangidwa ku Slovakia. Dzina lakuti ultralight silitanthauza chinthu chimodzi kulikonse. Ku America, malamulo amene anakhazikitsidwa mu 1982 amati kandege kotere kakhale ka mpando umodzi, kasafike makilogalamu 115 kakakhala kopanda kanthu, ndipo kasanyamule mafuta oposa malita 19; munthu amatha kukaulutsa ngakhale alibe laisensi. Ku Ulaya dzinali limafikanso pa ndege za mipando iwiri zolemererapo, zimene zimafuna laisensi, ndipo Shark ili m'gulu limeneli. Komabe ndi kachinthu kochepa zedi. Ikakhala yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 300, injini yake ya Rotax ndi imodzi yokha ndipo mphamvu zake n'zofanana ndi za galimoto yaing'ono, mipando yake ndi yondondozana, wina kutsogolo wina kumbuyo, ngati anthu awiri m'bwato. Pampando wakumbuyo anaikapo thanki ya mafuta owonjezera kuti azitha kuyenda mtunda wautali osatera. Ndinayang'anitsitsa chithunzi cha mkati mwake: mapewa a mtsikanayo ali pafupi kukhudza mbali zonse ziwiri, pamwamba pa mutu pali chivindikiro choonekera ngati galasi, ndipo palibe poimirira kapena potambasulira miyendo. M'menemo ankakhala maola ambiri, nthawi zina atavala chovala chochindikala chotetezera thupi ngati atagwera m'madzi ozizira. Ndegeyo ili ndi parachuti yakeyake yokhoza kuitsitsa yonse pamodzi ndi woyendetsa, koma parachuti ikatsitsira munthu pakati pa nyanja yamchere kapena m'chipululu cha madzi oundana, vuto limakhala lisanathe.

Chinthu chimene chinandithandiza kumvetsa ulendo wonsewu ndi lamulo limene iye ankaulukira. Ndege zikuluzikulu zimalowa m'mitambo ndiponso zimayenda usiku chifukwa oyendetsa ake amadalira zipangizo. Zara ankauluka mwa lamulo loona ndi maso, kutanthauza kuti ankayenda masana okha, ndipo sankaloledwa kulowa mumtambo. Zifukwa zake ndi zomveka. Munthu akalowa mumtambo n'kusiya kuona pamene dziko lakumanira ndi thambo, thupi lake limayamba kumunamiza: timadzi ta mkati mwa khutu timene timatithandiza kudziwa kuti taima chilili timasokonezeka, moti amatha kumva ngati akuuluka mowongoka pamene ndege yapendekeka ndipo ikutsika. Chinanso, kumalo ozizira mitambo imakhala ndi timadontho ta madzi timene timaundana tikangokhudza phiko. Madzi oundanawo amasintha kaumbidwe ka phiko ndi kuwonjezera kulemera, ndipo phiko likasintha kaumbidwe limalephera kunyamula ndege. Ndege zazikulu zili ndi njira zosungunulira madziwo, koma kandege ngati aka kalibe. Choncho mtambo umene inu ndi ine timangouona pawindo n'kupitiriza kuwerenga nyuzipepala, kwa iye unali khoma loyenera kulilambalala, kudutsa pansi pake, kapena kubwerera.

Anakumana ndi khoma limeneli ulendo utangoyamba kumene. Pochoka ku Iceland kupita ku Greenland mitambo inamukakamiza kuuluka m'munsi, pafupi ndi nyanja, ndipo kwa nthawi yaitali wailesi yake sinkamvana ndi aliyense. Taganizirani, achimwene, mwana wa zaka 19 ali yekha pamwamba pa madzi ozizira kwambiri moti munthu sangakhalemo nthawi yaitali ali moyo, khutu lili tcheru kumvetsera kulira kwa injini imodzi yomweyo, popanda mawu a munthu womuuza kuti akuyenda bwino. Atafika ku California anakumananso ndi utsi wa moto wolusa m'nkhalango umene unaphimba njira. Zimenezi ndi zimene manyuzipepala anakonda kulemba, ndipo n'zoona kuti zimafuna kulimba mtima.

Koma ine chimene chinandigwira mtima koposa chinachitikira pansi. Ulendowu unakonzedwa kuti utenge miyezi itatu, koma unatenga isanu, ndipo miyezi iwiri yowonjezerayo inathera m'kudikira. Ku Nome, m'dera la Alaska, anakhala pafupifupi mwezi wathunthu: chitupa chake cholowera ku Russia chinatha ntchito chifukwa cha kuchedwa, ndipo chatsopano chitapezeka, nyengo inali itaipa. Atawoloka n'kulowa ku Siberia, kumene kunkazizira kupyola madigiri 30 pansi pa ziro, anakatsekerezedwa m'kamudzi kotchedwa Ayan, m'mphepete mwa Nyanja ya Okhotsk, kwa masabata pafupifupi atatu. Nyengo yozizira kumeneko dzuwa limatuluka mochedwa n'kulowa msanga, choncho maola oulukira amakhala ochepa, ndipo pamafunika kuti kukhale koyera ponyamukira, m'njira monse ndi kokatera, zonse tsiku limodzi. Ndimayesa kumuona m'maganizo mwanga akudzuka m'mawa uliwonse, n'kuyang'ana malipoti a zanyengo, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuvomereza kuti lero ayi. Dziko lonse linkamutsatira pa intaneti, amene anaika ndalama zawo pa ulendowu ankadikira, tsiku lofikira kwawo linkasunthirasunthira, ndipo kandege kanali pomwepo, kokhoza kuuluka. Pa masabata amenewo payenera kuti panali masiku ena ooneka ngati abwinoko, oti munthu wotopa ndi kudikira n'kudzinyenga kuti apite basi. Iye sanapite mpaka tsiku loyenera litakwana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneku timakuyembekezera kwa anthu a msinkhu wathu, ndipo ngakhale ifeyo kumativuta. Kukupeza mwa mtsikana amene anali atangomaliza kumene sukulu ya sekondale kunandichititsa kumulemekeza kwambiri.

Kuti muone kulemera kwa zimenezi, ndikukumbutseni nkhani yomvetsa chisoni ya Jessica Dubroff, kamtsikana ka zaka 7 ka ku America kamene kankafuna kutchuka monga mwana wamng'ono kuposa onse wodutsa dziko la America pandege. Pa 11 Epulo 1996 ndege yawo inanyamuka ku Cheyenne, m'dera la Wyoming, kukugwa mvula yamphamvu, ndipo inagwa itangonyamuka kumene. Mwanayo, bambo ake ndi mphunzitsi amene ankayang'anira ndegeyo onse anamwalira. Ofufuza ngoziyo anapeza kuti china mwa zimene zinachititsa mphunzitsiyo kunyamuka nyengo itaipa chinali kufuna kusunga ndondomeko ya ulendo, imene inalinso ndi malonjezo kwa atolankhani. Chaka chomwecho dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa ana opanda ziphaso kugwira chiwongolero pa maulendo ofuna kuswa mbiri. Apa munthu wamkulu, wodziwa ntchito yake, anagonja pa chikakamizo chomwe chija chimene Zara anachikana m'mawa uliwonse ku Ayan.

Ndikudziwa zimene munganene, chifukwa mumakonda kuyang'ana kuseri kwa nkhani. Munganene kuti mwanayu anabadwira pabwino, ndipo simungalakwe. Bambo ake, Sam Rutherford, ntchito yawo ndi yoyendetsa ndege, mayi ake nawonso ali ndi laisensi, moti iye anakulira m'tindege ting'onoting'ono. Make mbuu, mwana mbuu. Kampani ina ya ku Bulgaria inathandiza ndi ndalama, ndegeyo anaipeza kwa opanga ake, ndipo kumbuyo kunali anthu omuthandiza pa zilolezo zodutsira mumlengalenga mwa mayiko osiyanasiyana. Ana ambiri anzeru ngati iye sadzaona mwayi wotere, ndipo zimenezi zimandipweteka. Komabe thandizo lonselo linkathera pakhomo la kandege. Chivindikiro chija chikatsekedwa, woona mtambo ndi kusankha chochita anali iye yekha, ndipo ndalama za kampani sizikanamuuza ngati mpata umene ukuoneka pakati pa mapiri ndi wodutsika. Ndimaganiziranso makolo akewo. Anthu osadziwa za ndege akhoza kulola mwana kupita chifukwa sakudziwa zoopsa zake, koma awa ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la injini imodzi pamwamba pa nyanja, ndipo anamulola chifukwa anali atamuona akuphunzira kwa zaka zambiri n'kukhulupirira maganizo ake.

Chodabwitsa n'chakuti makolo omwewo anapirira zimenezi kawiri. Patangotha miyezi iwiri Zara atafika, mlongo wake wamng'ono, Mack Rutherford, amene anapeza laisensi yake ali ndi zaka 15, ananyamuka ku Sofia m'dziko la Bulgaria pa 23 Malichi 2022, pa ndege ya mtundu womwewo, ali ndi zaka 16. Anadzera ku Africa, kuphatikizapo Sudan, Kenya ndi Madagascar, ndipo nayenso anadikira masabata angapo ku Dubai chifukwa cha zilolezo. Atachoka ku Japan anauluka maola pafupifupi 10 pamwamba pa nyanja ya Pacific, n'kukatera pachilumba cha Attu pamene sipakhala munthu aliyense, ndipo anagona m'kashedi kosiyidwa. Anamaliza ulendo pa 24 Ogasiti 2022 ali ndi zaka 17, n'kulanda mbiri ya Travis Ludlow wa ku Britain, amene anazungulira dziko mu 2021 ali ndi zaka 18.

Ngakhale zili choncho, mtima wanga umabwererabe kwa mtsikanayo, mwina chifukwa chakuti mwana wanga wamkazi, amene munamusiya akukwawa, tsopano ali pa msinkhu womwewo. Zara ananena poyera kuti cholinga chake china chinali kukopa atsikana kuti alowe m'ntchito za ndege ndi za sayansi, poti mwa oyendetsa ndege zonyamula anthu padziko lonse, akazi ndi pafupifupi 5 okha pa 100 alionse. Ndinamuonetsa mwana wangayo mapu a ulendowu, ndipo tinatsatira mzere wake ndi chala kuchokera ku Belgium mpaka kubwereranso. Chala chitafika pa Ayan anaima, n'kundifunsa kuti munthu amachita chiyani masabata atatu pamalo amene sadziwa chinenero chake. Ndinalibe yankho lokwanira, koma tinakhala nthawi yaitali usiku umenewo tikukambirana za mitambo ndi mapiko, zinthu zimene sindinaganizepo kuti iye angazifunse.

Ndikupemphani kuti nanunso muwaonetse ana anu mapu amenewo, makamaka wamkulu uja amene munati amakonda masamu, ndipo mudzandiuze pamene chala chake chidzaime. Ngati kufupi ndi kumene mukukhalako kuli bwalo la tindege totere, pitani tsiku lina mukakaone pafupi, mukasuzumire mkati, ndipo mukandilembere ngati n'kopanikiza monga mmene ndinaonera pachithunzi. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wakalekale.