Lipoti la ulendo wa ku London: zoluka za amayi a ku Iran

Amayi anzanga moni nonse. Ndabwerako kumsonkhano munandituma kuja, ndiye ndati ndilembe pagulu pompano aliyense awerenge yekha, pasamveke zoti ndinangopita kukadya alawansi.

M'mawa kunali za kapemphedwe ka ndalama kwa madona, zomwe tinazimva kalekale, ndinasinza ndithu. Tulo tinatha atayimirira mayi wina wa ku Iran atanyamula kapeti yaubweya wa nkhosa yomwe amati gabbeh, yoluka amayi a mtundu wa Qashqai kuchigawo cha Fars. Amayiwa saonera papepala, amaluka za m'mutu mwawo, mbuzi, mtengo, mwana, ndipo utoto ndi wa zomera, wina wa makoko a makangaza. UNESCO inavomereza luso loluka makapeti la ku Fars ndi la mumzinda wa Kashan mu 2010 ngati chuma cha dziko lonse.

Kenako mayi uja anatambasula nsalu yosokedwa mawu akuti Zan, Zendegi, Azadi, kutanthauza mkazi, moyo, ufulu, ndipo ulusi wina linali tsitsi lake lomwe anadzimeta. Mawuwa anamveka ponseponse atamwalira Mahsa Amini pa 16 September 2022, mtsikana wa zaka 22 amene apolisi anamugwira ku Tehran ati sanafunde bwino hijab. Chomwe sindimadziwa ine nchoti mu 1936 mfumu ya Iran, Reza Shah, analetsa amayi kufunda, pomwe boma lobwera mu 1979 linadzawakakamiza kufunda. Uyu akuvula, uyu akuveka, mwini mutu osamufunsa. Ndinakumbuka kwathu, lamulo la 1973 loletsa amayi buluku ndi mini lija linatha 1993, koma 2012 mavenda anavulabe amayi ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Masana anatitengera ku V&A, nyumba yoonetserako zaluso ndi zinthu zakale, kukaona kapeti ya ku Iran yotchedwa Ardabil, yopitirira mamita 10 mulitali, ya cha m'ma 1539. Pali dzina limodzi lokha, Maqsud wa ku Kashan, manja ena onse amene anamanga mfundozo palibe. Mpake msonkhano unagwirizana kuti choluka chilichonse chizikhala ndi dzina la wolukayo. Amayi ena a ku Iran anakana, ati abale awo kumudzi angagwidwe, ndipo anawalola kugwiritsa ntchito chizindikiro. Iwowo ndikuwamvetsa, koma ife tikuopa chani? Nsalu yapakhoma tinasoka chaka chatha ija tinalipo asanu ndi awiri, usiku wonse maso kuwawa, pachionetsero inatuluka ndi dzina la gulu ndi la apampando basi. Pepani mayi apampando, sindikunyoza, koma nkhaniyi munati tidzakambirana ndipo mpaka lero zii. Ndalama ya nsaluyo sitinamvenso kuti inalowa buku liti.

Ine maganizo anga, tileke kumangosoka ma bag a chitenje ofanana ndi a wina aliyense, tisoke nsalu imodzi yonena nkhani ya amayi athu ndi buluku, aliyense dzina lake pakona.

Gawo lomaliza la msonkhano, lokamba za Instagram, ndinalisiya pakati, sitima ikanandisiya. Amsungichuma, malisiti ndili nawo onse, chenji ndibweretsa Loweruka, koma tikiti ya basi ndinalipira ya m'thumba mwanga ndiye tichotserana pomwepo.