Pemphero si mtengo wogulira chipulumutso

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa chiphunzitso chimene chikumveka pa maguwa ena, chakuti munthu akasala kudya masiku ambiri kapena akachezera usiku wonse akufuula, Mulungu amakakamizika kumupulumutsa. Kusala ndi kuchezera m'pemphero ndimakulemekeza kwambiri, koma chiphunzitsochi chimandiwawa mumtima chifukwa chimachotsa chiwombolo pa mtanda n'kuchiika pa khama la munthu.

Malemba sabisa: tinawomboledwa ndi mwazi wa Khristu, osati ndi siliva kapena golide (1 Petro 1:18-19), ndipo chipulumutso ndi mphatso ya Mulungu, kuti pasapezeke wodzitama (Aefeso 2:8-9). Nanga malo a pemphero ali pati? Taonani amuna awiri aja a pa Luka 18. Mfarisi anawerengera Mulungu zabwino zake, kuti amasala kawiri pa sabata ndi kupereka chakhumi. Wamsonkho anaima patali, osafuna n'komwe kukweza maso kumwamba, akudziguguda pachifuwa ndi kupempha chifundo, ndipo ndi ameneyu amene anabwerera kwawo atayesedwa wolungama. Wachifwamba wopachikidwa pambali pa Yesu analibenso mpata wochita chabwino chilichonse. Anangopempha kuti akumbukiridwe, n'kulonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Wamsonkho uja ndi wachifwambayu anabwera chimanjamanja, ndipo pemphero lawo linali kutambasula dzanja kuti alandire chimene Wina analipira.

Mkanganowu ndi wakalekale. Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa, polimbana ndi amene ankakweza mphamvu za munthu, ankawakumbutsa kuti Mpingo umapempherera osakhulupirira kuti Mulungu awapatse chikhulupiriro, zomwe zikanakhala zopanda pake munthu akanatha kudzitembenuza yekha. Msonkhano wa mabishopu wa ku Orange, mzinda wa ku France, m'chaka cha 529 unagamula kuti chisomo ndicho chimatichititsa kupemphera, osati kuti pemphero lathu ndilo limayambitsa chisomo.

Sindikunena kuti tileke kugwada, ayi ndithu, pakuti woitana pa dzina la Ambuye adzapulumuka (Aroma 10:13). Nkhawa yanga ili pa wodwala amene sangathe kusala, kapena wokalamba amene mawu anamuthera, akamaganiza kuti Mulungu wamutaya. Abusa athu, awuzeni anthu oterewa kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosaneneka (Aroma 8:26), ndi kuti Khristu ali moyo nthawi zonse kuti atipembedzere (Aheberi 7:25).

Ine wowerenga nyuzipepala yanu.