Ng'oma ya agogo inachoka pa njinga yamoto

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Ulongwe, wa kuno ku Angonia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, osati wa ku Balaka uja. Nyuzipepala yanu kale inkatipeza itakulungidwa kale usipa pa msika wa Lizulu, koma masiku ano adzukulu amandiwerengera pa foni, ndiye ndati nanenso ndiponyepo mawu. Ndine mphunzitsi wopuma, ndipo nkhani yanga ndi ya ng'oma.

M'mwezi wa Juni kumudzi kwathu, kufupi ndi phiri la Domwe, kunafika anyamata awiri pa njinga yamoto. Sankagula mbatatesi kapena nyemba ngati mavenda ena onse. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa zinthu zakale: mitondo yong'aluka, mikanda ya m'chiuno, zishango, makasu osula pamanja, mbiya zakuda ndi utsi. Anthu ankaseka, amvekere awa ndi amisala, akugula zinyalala. Mwana wa mlongo wanga anakwera pa tsindwi n'kutsitsa ng'oma ya mbalule ya agogo athu. Anamupatsa mametikali 800, ndalama za kuno. Ndalamazo anawonjezera pogula feteleza, ndipo sanafike ndi pa theka la thumba. Ine ndinamva patapita sabata ziwiri, pa maliro, wina atafunsa kuti kodi ng'oma ija bwanji sikumveka. Chakudza sichiimba ng'oma, anatero akale, koma chathuchi chinadzatenga ng'oma yeniyeniyo.

Ndifotokoze za ng'omayi kuti mumvetse chimene chinandisowetsa tulo. Anaisema ndi amalume a mayi anga dziko lino lisanalandire ufulu mu 1975, Ulongwe akutchedwabe Vila Coutinho. Ine sindinagule njira, ndinakulira m'manja mwa ansembe a ku Lifidzi, ndiye za kudambwe sindingazilankhule ndipo sindikufuna kuzilankhula. Koma kulira kwa mbalule ija ndinkakudziwa ngati mawu a mayi anga. Ikayamba, mpanje ndi gunda zikuyankha pansi pake, mudzi wonse unkadziwa ngati ndi maliro, chinamwali kapena kulonga ufumu. Woimba ankaiwamba pa moto wa udzu, n'kumata phula pakati pa chikopa, akuigogoda ndi chala mpaka itafika pa mawu amene akufuna.

Nkhondo itafika povuta mu 1986 tinathawira ku Dedza, monga anachitira anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino amene Malawi anawasunga. Munthu wothawa usiku sasenza ng'oma. Amalume anakumba dzenje pansi pa nkhokwe, n'kuikamo ng'omayo, mbiya ziwiri ndi nkhwangwa, n'kufotsera. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ife tinabwerera mu 1993. Nyumba tinapeza phulusa, nkhokwe kulibe, mudzi wonse tchire lokhalokha. Tinakumba malo atatu olakwika tisanaipeze. Chikopa chinali chitawola, chiswe chitadya mlomo mbali imodzi, koma thunthu linali lamoyo. Amalume anamanga mng'alu ndi waya wa njinga, anapha mbuzi, anakunganso. Tsiku limene inaliranso koyamba, amayi achikulire analira misozi osati nyimbo. Ng'oma imene asilikali a mbali zonse ziwiri sanaipeze, ndi chiswe chomwe chinailephera, yatengedwa masana dzuwa likuswa mtengo, mwini wake akuthokoza.

Poyamba ndinamukalipira kwambiri mwana wa mlongo wanga uja. Anandiyankha mofatsa, maso ali pansi: "Amalume, inu munandiuzapo liti kuti ng'oma ija inagona m'dzenje zaka zisanu ndi ziwiri? Ine ndimangoiona pa tsindwi ndi makoswe." Ndinasowa chonena. Mnyamatayu anabadwa titabwerako kale. Za nkhondo sitikonda kuwauza ana, timati n'zowawa, ndipo pobisa zowawazo tinabisa ndi mbiri ya zinthu zomwe. Ine amene ndinaphunzitsa ana a eni za Vasco da Gama ndi za damu la Cahora Bassa kwa zaka zambirimbiri, sindinakhalepo pansi ndi mwana wa mlongo wanga kumuuza za ng'oma ya m'nyumba mwake. Wogulitsa weniweni ndine.

Musandimve molakwa, akonzi. Sindikuti luso lisagulitsidwe. Wosema, woumba, woluka mphasa ndi malichero, onsewa ayenera kudya thukuta lawo, ndipo ndimakondwa ndikaona madengu athu akuwoloka pa Calomue kupita ku Dedza. Mayi woumba mbiya lero akaigulitsa, mawa akumba dongo lina. Mmisiri akagulitsa mpando, mtengo wina ulipo. Koma chinthu chimene anapanga munthu amene anagona kale sichibwereranso, ndipo chikachoka popanda nkhani yake chimakangokhala chikuni chokongoletsa balaza la munthu wosadziwa n'komwe kuti Domwe ali kuti. Ogulawo amadziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake chatsopano chonyezimira amachikana, amafuna chautsi.

Dziko lathu lili nalo lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe, lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988. Taonani chaka chimenecho: analikhazikitsa mfuti zikulirabe, ife tili m'misasa. Koma lamulolo linalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo kumudzi kwathu sindinakumanepo ndi munthu amene analimvapo m'chinenero chake. Chimodzimodzinso za UNESCO. Mu 2005 bungweli linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la mayiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Chaka chomwecho linalemekezanso timbila, nyimbo za mangolongondo za Achopi a kumwera kwa dziko lino. Timanyadira, inde. Koma satifiketi ili kutali, ng'oma zili pa matsindwi, ndipo njinga zamoto zikuyenda.

Abale athu a ku Malawi, tsidya linalo la msewu, pakuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire ndi msewu chabe, anachitapo kanthu. Ku Mua kuli malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene osema amaphunzira ndi kugulitsa ntchito zawo, ndipo mwana akhoza kukaona mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao pamalo amodzi. Zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ife kuno zathu zilipo zosachepera. Akatswiri ofukula zakale akamakamba za mapale a anthu oyamba kusula chitsulo m'chigawo chino cha Africa amatchula dzina la Chifumbaze, ndipo Chifumbaze ndi phanga la m'chigawo chathu chino cha Tete. Angoni a Maseko anakhazikika pa Domwe pomwe pano mzere wa malire wa 1891 usanawagawe pawiri. Kumunsi ku Zambezi Anyungwe ali ndi nyanga, gule amene munthu amaliza zitoliro za bango kwinaku akuvina ndi kuimba. Ndinafunsa ana khumi a sekondale za Chifumbaze, mmodzi anati ndi dzina la timu ya mpira.

Ndiye m'malo mongodandaula, ine ndi anzanga atatu opuma ntchito tinapita kwa amfumu ndi kwa mkulu wa sukulu ya pulayimale kukapempha bwalo. Tinagwirizana kuti Loweruka limodzi pa mwezi, kuyambira masana, mabanja azibwera ndi chilichonse chakale chimene ali nacho, ndi ana omwe. Lamulo tinaika limodzi: chinthu chisabwere chokha, chibwere ndi munthu wodziwa nkhani yake, ndipo ngati chimagwira ntchito chigwire pomwepo. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba. Timalembamo dzina la chinthu, amene anachipanga, mudzi wake, ndi kumene chinagona nthawi ya nkhondo. Funso lomalizali ndi limene limatsegula pakamwa pa anthu. Mukangolifunsa, konzekerani kukhala ola lathunthu.

Ulendo woyamba mu Julayi, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, tinalipo anthu osakwana makumi atatu, ambiri okalamba ofunda mabulangete. Koma kunabwera gogo wina woumba, atasenza dongo pa lichero. Anakhala pansi, anayala phale, anayamba kukweza mphika popanda kulankhula ndi munthu. Ana amene ankasewera mpira wachikulunga chapatali anayamba kusendera mmodzimmodzi. Pofika madzulo atsikana asanu anali matope okhaokha mpaka m'zigongono, aliyense ndi kankhali kake kokhota, gogoyo akuwadzudzula kuti dongo losaponda bwino limaphulika pa moto. Anawaonetsa kukulungiza ndi mwala wa kumtsinje ndi kulemba mizere pa khosi la mphika ndi kachitsotso. Anatiuza kuti mwalawo anathawa nawo ku Ntcheu m'chikwama cha mchere, anasiya mbale koma mwala ayi. Ndinalemba m'kope.

Mu Ogasiti tinasuntha tsiku, chifukwa Loweruka lomaliza la mweziwo mafumu athu ndi anthu ambiri amakhala ali ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Titakumana, bwalo linadzaza. Kunabwera mkulu wina wosaona bwino ndi bangwe wa mawaya asanu ndi awiri, kumapeto kwake atamangirira chigubu kuti mawu azituluka. Anaimba nyimbo yonyoza mkamwini waulesi, amayi akugwa ndi phwete, akamwini ena akuyang'ana kumbali. Azibambo a ngoma anabwera ndi zishango ndi zibonga, mangenjeza m'miyendo, fumbi kobo. Amayi anavina chimtali. Pakona ena ankasewera bawo, atsikana phada ndi fulaye, anyamata mpikisano wa magalimoto amawaya, ndipo imodzi inali ndi chiwongolero chokhota bwino kuposa minibasi zina zimene timakwera popita ku Tete. Dzuwa litapendeka mayi wina anangoti "Padangotelo," ana onse amvekere "Tili tonse!" Ndinadabwa. Ndinkayesa kuti mafoni anawaiwalitsa kalekale.

Zovuta sizinalephere. Ogulitsa kachasu ananunkhiza msanga, ndipo amfumu anachita kuwathamangitsira kuseri kwa msewu. Kunabweranso mnyamata wina ndi sipika yaikulu yoyendera batire, akuti chisangalalo chopanda nyimbo zamakono ndi maliro. Anzanga ankafuna kumupirikitsa. Ine ndinakana, pakuti ndinakumbukira kuti ifenso tili anyamata akulu ankatinena tikamavina rumba ya pa wailesi. Tinamuuza kuti sipika yake ilire madzulo okalamba akatopa, koma masana foni yake ijambule wa bangwe uja. Anavomera monyinyirika. Mwezi wotsatira anabwera atasakaniza bangweyo ndi kugunda kwa makina ake. Kunena zoona m'makutu mwanga sizinakome, koma mwini bangwe anamvetsera kawiri n'kunena kuti, "Mwanawe, wandithamangitsa kwambiri, koma ndine ndemwe." Tsopano mnyamatayo ndi amene amamutsogolera pa njira pobwera.

Za Gule tinagwirizana ndi eni mzinda kuti zilombo sizibwera pa bwalo la sukulu ngati zoseweretsa ana. Zili ndi nthawi yake ndi malo ake. Wina akabwera kufuna kugula za kudambwe, ameneyo nkhani yake ikathere kwa amfumu.

Kopelo tsopano lili ndi zinthu 64. Muli mvukuto wa chikopa cha mbuzi, khasu lachitsulo cha m'ng'anjo, makina osokera opukusa ndi dzanja amene bambo wina anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndalama zaboowa pakati, ndi khadi lolandirira ufa ku msasa wa othawa nkhondo. Khadilo ena anati si lakale mokwanira. Ine ndinati lilembedwe, pakuti mwana wa mlongo wanga anali asanalionepo, ndipo analigwira nthawi yaitali osalankhula. Panopa ndi iyeyo amene amalemba m'kope, maso anga akutha.

Pempho langa kwa a boma oona za chikhalidwe si lalikulu. Sitikufuna nyumba yagalasi. Chipinda chimodzi chokhoma bwino, chosadontha, chimene banja lingasungitsemo chinthu chake n'kukachitenga pakagwa mwambo, chingatikwanire. A wailesi amene amaulutsa m'Chinyanja atawerengako lamulo lija m'mawu athu, kawiri kapena katatu mvula isanagwe, angathandize kuposa msonkhano wa m'hotela. Ku Ulongwe kuno kuli ophunzira zaulimi a Universidade Zambeze; ena mwa iwo ali ndi makompyuta, atabwera Loweruka limodzi kudzakopera kope lathuli tingagone mtima uli m'malo, chifukwa pepala ndi chiswe sizigwirizana. Mvula ikayamba tidzaima kaye, anthu adzakhala ali ku minda ya chimanga, mbatatesi ndi fodya, tidzayambiranso tikakolola.

Kwa inu owerenga a ku Malawi, makamaka amene mumagulitsa ziboliboli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi m'mbali mwa nyanja, ndikupempha maso anu. Anyamata aja ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo anthu anawaona akulowera cha kumalire. Ng'omayo ndi yaifupi, yofika m'bondo, yakuda ndi utsi. Mlomo wake ndi wodyeka mbali imodzi, ndipo ili ndi mng'alu wotalika ngati chikhatho womangidwa ndi waya wa njinga mopingasa kanayi. Chapansi pali timizere titatu towotcha ndi chitsulo. Mukaiona uzani akonzi, iwo adziwa pondipeza. Mametikali 800 aja tasonkha kale, ndipo mwana wa mlongo wanga wawonjezerapo nkhuku ziwiri.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ulongwe, Angonia